Makina akale ochekera matabwa: muyambe ndi ati?

Wowerenga wina wa ku Mzimba wanditumizira imelo. Akuti wakhala akupikula matabwa ku Chikangawa n'kumakagulitsa ku Lilongwe, ndipo tsopano akufuna kumacheka yekha. Ndalama za makina atsopano alibe, ndiye akufunsa kuti pakati pa macheka akale a AMEC kapena a Wood-Mizer (mitundu iwiri ya makina ochekera matabwa), thirakitala ndi chainsaw, ayambe ndi chiyani.

Achimwene, musanagule chilichonse, pezani kaye mitengo. Nkhalango ya Viphya, ya ku Chikangawa komweko, ndi ya mahekitala oposa 50,000, koma pafupifupi 20,000 ali m'manja mwa kampani ya matabwa ya Raiply, ndipo madera ambiri otsalawo anapsa ndi moto kapena anadulidwa osabzalanso. Paini amatenga zaka 20 kapena kuposerapo kuti afike pochekedwa. Pitani ku ofesi ya zankhalango mukamve komwe mungaloledwe kudula, chilolezo chikhale m'manja. Lamulo la nkhalango la 1997 analikhwimitsa mu 2020, ndipo mukagwidwa mukudula popanda mapepala khoti likhoza kukulandani makinawo.

Mitengo ikapezeka, ndalama zambiri ziikeni pa macheka. Ine ndingasankhe Wood-Mizer yakale, monga LT15, kusiyana ndi AMEC, ngakhale AMEC ndi yotchipa. Chifukwa chake ndi utuchi. Mpeni wozungulira wa AMEC umadya mamilimita pafupifupi 6 paliponse pamene wadutsa, pomwe mpeni walamba wa Wood-Mizer umadya pafupifupi 2. Mukadutsitsa mpeni ka 10, kusiyanako kwakwana mamilimita 40, thabwa lathunthu limenelo, lomwe mtengo wake munalipira kale koma lasanduka fumbi. Kale, paini ali mbwee, anthu sankaziwerengera zimenezi. Lero chipika chilichonse ndi ndalama.

Komatu mpeni walamba ndi wosachedwa kubuntha, makamaka zipika zikakhala ndi dothi. Umafuna makina ake onolera, ndipo mipeni yatsopano imachokera kunja, nthawi zambiri ku South Africa. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira, funsani wogulitsayo ngati chonolera ndi mipeni yotsala zili pamtengo womwewo. Akati ayi, mtengo utsike.

Tsiku lokaona makina mupite ndi makaniko wanu, osati wa mwini wake, ndipo mufike m'mawa injini isanalizidwe. Injini yotopa imabisala ikatentha. Utsi wabuluu ukutanthauza kuti ikudya oyilo. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi akulowamo. Mita yowerenga maola musaikhulupirire, anthu amasintha. Kenako achekereni chipika chanu, muyeze thabwa kumapeto konse ndi pakati. Likasiyana kunenepa, mwina ndi mpeni chabe, koma mwinanso njanji yomwe machekawo amayendapo inapindika kapena mabering'i anatha. Aikepo mpeni wina achekenso, likasiyanabe, chokanipo.

Chainsaw gulani yatsopano. Zakale zambiri zinaphedwa ndi osakaniza petulo ndi oyilo wagalimoto m'malo mwa oyilo wake, ndipo za Stihl zachinyengo zili ponseponse m'misika. Ngati mwakakamira yakale, imasuleni potulukira utsi muone pisitoni: ikakhala ndi mikwingwirima, isiyeni.

Thirakitala musathamangire. Chaka choyamba chitani hayala, kapena zipika zizibwera pa ngolo ya ng'ombe ngati malo ali pafupi. Mukadzagula, Massey Ferguson 290 ya injini ya Perkins ndi yomwe makaniko wa ku Mzuzu sangaidabwe, zitsulo zakenso zimapezeka. Bell Logger ya matayala atatu ija ndi yokoma kuionerera ikunyamula zipika, koma pampu yake ikafa mudzadikira miyezi makina atakhala.

Zoitanitsa ku Johannesburg mutangoona chithunzi pa Facebook, ine ayi. Pamtengo wolembedwawo pamabweranso thiransipoti ndi msonkho wa MRA pachipata, ndipo makina simunawamve kulira. Ogula konkuno, lemberanani kalata yogulitsana pamaso pa mboni, nambala ya injini ilembedwemo, ndipo mwini wake akuonetseni mapepala omwe anagulira, chifukwa makina obedwa m'nkhalango amagulitsidwanso mwanjira yomweyi.