Kolera ikabuka tsidya la nyanja ya Chilwa, ife kuno timamva bwanji?

Achimwene, mwafunsa kuti zimatheka bwanji kuti kolera ikangomveka ku Mozambique, alangizi a zaumoyo amakhala atayamba kale kuyendera pa Kachulu ndi pa Chisi. Yankho lagona pa dongosolo lolondoloza matenda ndi kuchitapo kanthu msanga, lotchedwa IDSR, limene maiko a mu Africa anagwirizana mu 1998, ndipo limayambira m'mudzi, osati ku Lilongwe.

Kudera kumene kulibe mliri, munthu wa zaka 2 kapena kuposerapo akamatsegula m'mimba mwamadzi mpaka kutheratu madzi m'thupi, kapena akamwalira nako, amaganiziridwa kolera. Azachipatala sadikira zotsatira za ku labotale. Pasanathe maola 24 uthenga uyenera kufika ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Zomba, kuchoka apo ku PHIM, bungwe la boma lolondoloza matenda, ku Lilongwe. Chimbudzi chokayeza chimatengedwa wodwala asanamwe maantibayotiki, n'kuikidwa m'kabotolo ka Cary-Blair, kamene kamasunga tizilombo tisafe pa ulendo wa ku labotale. Akayamba wamwa, tizilombo sitimera bwino ku labotale, ndiye zotsatira zingathe kunena kuti palibe kolera pamene ilipo. Kachipangizo koyezera kolera mwachangu kuchipatala kamangochenjeza, kutsimikiza ndi kwa labotale.

Chipatala chilichonse chimatumizanso lipoti la sabata ndi sabata, ngakhale pasapezeke wodwala ndi mmodzi yemwe. Kulemba 0 n'kofunika kwambiri, chifukwa lipoti likangosowa palibe angadziwe ngati kuli bata kapena foni yathera moto.

Pakati pa maiko pali malamulo a zaumoyo a dziko lonse lapansi a 2005, otchedwa IHR: dziko likaunika n'kuona kuti vuto lingadutse malire, lidziwitse WHO m'maola 24. Poliyo ya 2022 inaonetsa phindu lake. Mwana wa ku Lilongwe anapuwala mwadzidzidzi, chimbudzi chake chinakayezedwa ku Johannesburg, ndipo kachilomboko kanapezeka kuti n'kambewu ya ku Pakistan. Malawi atalengeza mu February, katemera anayenda kuno ndi m'maiko oyandikana nafe, ndipo mu May kanapezekanso ku Tete. N'chifukwa chake mwana wosakwana zaka 15 akalefuka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi, amatenga chimbudzi kawiri, motalikiranitsa ndi maola osachepera 24, pasanathe masiku 14, n'kuchisunga pozizira.

Pamene uthenga umaduka kawirikawiri ndi pansi pomwe. Msodzi wa pa zimbowera, tinyumba ta panyanja, amagona sabata zingapo pa madzi, akadwala amakocheza doko limene lili pafupi, kaya la Zomba, Machinga, Phalombe kapena la tsidya lija. Akalembedwa popanda dzina la doko limene wachokera, ofufuza amakathira klorini chitsime cholakwika. Wina amamwalira kunyumba, maliro n'kusambitsidwa mwachizolowezi, anthu n'kudyera pamodzi, osauza mlangizi. Izi zimawawa, pokumbukira kuti mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu March 2022 unatenga miyoyo yoposa 1,700.

Mukaona anthu awiri kapena atatu a m'mudzi umodzi akutsegula m'mimba chotere, yambani kuwamwetsa Thanzi, athamangitseni kuchipatala, ndipo uzani mlangizi ndi amfumu tsiku lomwelo, mutchule kumene odwalawo anayenda ndi madzi amene anamwa.