Za Malta, alendo olamulira ndi mtanda wa pa mbendera

Achimwene, mwafunsa kuti anthu a ku Malta, dziko la zilumba la m'nyanja ya Mediterranean, angadzitche bwanji mtundu woima paokha pamene kwa zaka mazanamazana ankalamulidwa ndi alendo, ndiponso mbendera yawo ikadali ndi mtanda umene anapatsidwa ndi mfumu ya ku Britain. Funsoli eni ake amakanganapo mpaka lero, koma ine ndikuona kuti maso anu ali pa mpando wa mfumu, chonsecho yankho lili pakamwa pa anthu wamba.

N'zoona kuti olamulira anasinthana kwambiri: Aroma, Aarabu kuyambira mu 870, Anomani mu 1091, mafumu a ku Aragon, kenako gulu la asilikali achipembedzo la St John, limene mfumu Charles V ya ku Spain inalipatsa zilumbazi mu 1530 pa msonkho wa mbalame imodzi ya mtundu wa kabawi pachaka. Koma zaka zoposa 100 izi zisanachitike, anthuwa anapandukira Gonsalvo Monroy, bwana amene anapatsidwa zilumbazo atalipira ndalama kwa mfumu, nadzipereka kumubwezera ndalama zakezo, ndipo mu 1428 mfumu Alfonso V ya ku Aragon inawalonjeza kuti sadzaperekedwanso m'manja mwa munthu wina. Lonjezolo linaphwanyidwa, komabe anthu osonkherana kuti aombole dziko amakhala akudziwa kale kuti dzikolo ndi lawo.

Pamene mkangano umakula ndi pa nkhani ya Britain. Napoleon wa ku France analanda Malta mu 1798, ndipo pasanathe miyezi itatu anthu anaukira Afalansa atayamba kugulitsa katundu wa m'tchalitchi mumzinda wa Mdina. Iwo eni ndi amene anapempha thandizo la Angerezi, ndipo mu 1802 analemba chikalata chovomereza mfumu ya ku Britain, koma chonena poyera kuti mfumuyo ilibe mphamvu yopereka zilumbazo kwa dziko lina. Pachifukwa ichi ena amati Britain sinawagonjetse, anachita kuiitana. Anzawo amayankha kuti mlendo woitanidwayo anasanduka mwini nyumba, ndipo amakumbutsa za pa 7 June 1919, pamene asilikali a Britain anawombera anthu odandaula za kukwera mtengo kwa buledi, anayi n'kufa. Ine ndili kumbali ya achiwiriwa, ngakhale sindinganene kuti oyambawo akunama.

Chimene chimanditsimikizira ndi chinenero. Chimalta chinachokera ku Chiarabu, chimalembedwa ndi zilembo za Chilatini, ndipo Akatolika akumeneko amatchula Mulungu kuti Alla, nyengo ya Lenti n'kumati Randan, mawu ofanana ndi Allah ndi Ramadan a Asilamu. Ophunzira ankachinyoza kuti ndi chinenero cha kukhitchini. M'makhoti munali Chitaliyana, Angerezi akukankhira chawo, ndipo andale anakangana zaka zambiri posankha pakati pa zinenero ziwiri zachilendozo, pamene asodzi, alimi ndi amayi akulera ana m'chinenero chonyozekacho. Chinavomerezedwa ndi boma mu 1934, ndipo lero ndi chimodzi mwa zinenero zovomerezeka za European Union.

Za mtandawo, mfumu George VI ya ku Britain inaupereka mu 1942 chifukwa cha kupirira kwa anthu pamene ndege za Germany ndi Italy zinkawaphulitsira mabomba. Ofuna kuti uchotsedwe amati ndi chipsera cha utsamunda. Oufuna amati anaugula ndi magazi a makolo awo. Musaiwalenso kuti mu 1956 ambiri mwa amene anavota anavomera zoti Malta iphatikizidwe ndi Britain, maganizo a nduna yaikulu Dom Mintoff, yemweyo amene anadzaonetsetsa kuti asilikali a Britain achoke mu 1979. Ufulu analandira pa 21 September 1964, miyezi iwiri ndi theka ife a ku Malawi titalandira wathu, koma chifukwa zipani sizinagwirizane za tsiku limene ufulu weniweni unafika, dzikolo limakumbukira masiku a fuko asanu chaka chilichonse.