FUNSANI AMISIRI: Bwato la kalabu, sida wa m'phiri ndi madzi olowa m'mizere

Mwezi uno makalata atatu agwera pa nkhani imodzi, ya bwato, nde ndangowaika pamodzi. Amene munafunsa za chitseko chokana kutsekeka nthawi ya dzinja mupirire kaye, chanu chikubwera.

FUNSO: Amisiri moni. Ife ndi kalabu ya achinyamata okhoma matabwa kuno kwa Chitakale, tilipo 9, atsikana atatu. Timapanga mabenchi, matebulo ndi zitseko koma chaka chino tagwirizana zoti tipange chinthu chimodzi chachikulu tonse, bwato. Tinaona pa YouTube azungu akumata timatabwa topyapyala tambirimbiri mpaka kutuluka bwato lonyezimira ngati galasi ndipo akuti mtengo wake ndi cedar. Nde poti sida ali pompano m'phirimu mnzathu wina akuti pali munthu angatipezere matabwa. Tiyambire pati?
Mlembi wa kalabu, Chitakale

YANKHO: A mlembi, muyambire pomuuza mnzanuyo kuti nambala ya munthu ameneyo aifufute mufoni. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene kunoko timangoti sida, boma linauika kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, kwawo kwenikweni ndi m'phiri lomweli basi ndipo watsala pang'ono kutheratu, a Forestry ndi a Mulanje Mountain Conservation Trust akuvutika ndi mbande zaka zonsezi pofuna kuubwezeretsa. Thabwa la sida lobwera usiku pamutu ndi mlandu, komanso bwato si kabokosi koti mungabise kunsi kwa bedi, fungo lokhalo likupelekani. Chinanso, cedar wa m'mavidiyowo si m'bale wake weniweni wa sida wathuyu, uja ndi western red cedar wa ku Canada ndi ku America, angofanana dzina.

Tsopano bwato mwaonalo. Amayamba akhoma mafomu, matabwa odulidwa motsatira maonekedwe a bwatolo, pa mtanda wautali wowongoka, kenako amamata timatabwa tokhuthala mamilimita 6, mulifupi mwake pafupifupi masentimita 2, kamodzikamodzi mpaka thupi lonse litatsekeka. Koma chimene chimaletsa madzi si timatabwato ayi, ndi nsalu ya faiba imene amayala kunja ndi mkati n'kuinyowetsa ndi epoxy, guluu wamadzimadzi amene akauma amalimba gwa osalowa madzi. Popanda ziwirizi chija ndi dengu chabe. Epoxy ndi wodula, muyenda mashopu angapo ku Limbe ndi mu Blantyre musanampeze, komanso amadana ndi chinyezi, mukampaka tsiku la chiperoni amatuluka mbuu ngati wathiridwa ufa, ndipo inu mukudziwa nokha mmene Juni ndi Julayi amakhalira kuno, zovala masiku atatu pachingwe osauma. Ine sindikuletsani kulota koma loyamba lisakhale limeneli.

Losema kuchokera ku mtengo umodzi ngati a ku Chilwa ndi ku Shire nalonso ndikuti ayi. Pamafunika chimtengo chachikulu, mtondo, mvunguti kapena msangu, mitengo yachilengedwe yofuna chilolezo cha a Forestry, ndipo mukayamba kugoba ndi nkhwangwa ndi kasemasema mtengo wambiri umathera m'zipalapatso. Komanso ntchito yake ndi ya anthu awiri, enanu 7 muzidzangoonerera mukudya nzimbe.

Loyenera kalabu ndi la matabwa, la pansi pafulati. Mamita 4 mulitali, pansi pake masentimita 80 kapena 90 pakati, m'mbali mozama masentimita 40, mbalizo zipendekere kunja pang'ono kuti lisamagudubuke. Nthiti zake zikhale zisanu kapena zisanu ndi imodzi za mtengo wolimba, bulugamu wokhwima amakwana, ndipo matabwa a thupi mutha kugwiritsa malaina kapena paini wopanda mfundo zambiri, mfundo iliyonse ndi khomo la madzi. Mbawa ndi yabwino zedi ngati muli ndi mapepala ake ndi ndalama zake. Masamu ake ndi osavuta, lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi, nde bwato la pansi pokwana masikweya mita awiri ndi theka likamira masentimita 10 lanyamula makilo 250, kuphatikiza kulemera kwa bwato lenilenilo. Anthu atatu ndi bwato lawo amiza masentimita 12 kapena 13 penapake, m'mbali mutsala malo okwanira. Musanadule thabwa ngakhale limodzi jambulani bwato lonse pasimenti ndi choko, kukula kwake kwenikweni, kenako pangani kachitsanzo ka makatoni, mkangane pamenepo pa katoni osati pa thabwa logula.

Koma mutu wa nkhani yonseyi ndi kuuma kwa matabwa, ndipo apa ndilankhula ngati munthu amene analumidwapo. Ine loyamba langa ndinagula matabwa a bulugamu kwa munthu wina m'mbali mwa msewu, analumbira kuti ndi ouma, ine poona ayera kunja ndinakhulupirira, kumeneko anachekedwa sabata yathayo. Ndinakhoma bwinobwino mizere yothina moti ngakhale lezala osalowa, ndinalisiya pakhonde mwezi wa Okutobala, pobwera patatha masabata atatu ndinkatha kuona nkhuku za aneba kudzera m'mbali mwa bwato, thabwa lina litapotoka ngati chikwanje n'kuzula misomali yake lokha. Mayi a kunyumba mpaka lero amaanikiramo chinangwa.

Nde matabwa anu muwasanje pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa njerwa, pakati pa thabwa ndi thabwa muziika timitengo tofanana kukula, pamwamba lata ndi miyala. Mtengo wolimba wokhuthala inchi imodzi akuluakulu amati upatseni chaka, paini amafulumira, miyezi ingapo ya chilimwe. Njira yodziwira yosafuna makina ndi iyi, dulani kachidutswa, kalembeni tsiku ndi pensulo, muzikakayeza pa sikelo ya ogula nandolo Loweruka lililonse. Kakasiya kupepuka masabata awiri atatu otsatizana ndiye kuti zatheka. Pamene mukudikirapo kalabu isagone, ena aziseme nkhafi, ena akonze nthiti, msungichuma azitolera za misomali.

FUNSO: Ife lathu tinapanga kale chaka chatha, la paini, kalabu ya amayi ndi abambo a kutchalitchi kuno ku Luchenza. Tinamata ndi guluu woyera uja wa mipando, misomali wamba, vanishi katatu. Linali lokongola anthu mpaka kujambulitsa, koma titaliika padamu mphindi 20 zokha madzi anali m'akakolo. Abambo akuti tilitaye, ine ndikukana poti ndalama zinalowapo zambiri. Lingapulumuke?
Mayi wa ku Luchenza, Thyolo

YANKHO: Mayi, abambowo auzeni adekhe, lingapulumuke ndithu bola matabwa sanawole. Tengani sikuludiraiva muzibaya m'makona ndi pansi pa nthiti, ikamalowa ngati mu mbatata yophika thabwa limenelo lichoke, ikamakana lili bwino.

Zolakwika zilipo zitatu ndipo zonse n'zochokera ku ukalipentala wa m'nyumba. Guluu woyera amasungunuka akakhalitsa m'madzi, amene uja ndi wa mpando wa pabalaza. Misomali wamba imachita dzimbiri n'kudya thabwa pozungulira pake, mudzaona timadontho takuda, pamenepo mpamene madzi ayambire, pamafunika misomali kapena masikuluwu a galvanised, aja okutidwa kuti asachite dzimbiri msanga. Vanishi nayenso satseka mpata, amangowalitsa, ndipo dzuwa likamuomba amasuwa ngati njoka.

Chitani chonchi. Palani vanishi yense kunja mpaka thabwa lioneke. Mzere uliwonse pokumana matabwa muukulitse pang'ono ndi tchizulo kuti ukhale ngati V, kukamwa kunja. Potani thonje kapena chingwe cha thonje, muzilowetsa mumzeremo pogogoda ndi kamtengo kosongoka ngati tchizulo, pang'onopang'ono, dzanja limamva lokha kuti apa pakhuta chifukwa kulira kwake kumasintha, kumachoka pa phwa phwa kufika pa go go. Osakhomerera mwaukali mpaka thonje kutulukira mkati, thabwa likanyowa limafufuma nde likufunika malo. Pamwamba pa thonjelo thirani phula lotentha. Phulalo musungunulire panja, m'chitini chouma, ana ali kutali, dontho limodzi la madzi likagwera m'phula lowira limathovokera kumaso. Pansi ponse kunja pakani phula kapena penti wakuda wa bitumen uja amapaka m'matanki, m'mbali penti wa mafuta, woyamba wosungunula bwino kuti alowe m'thabwa kenako awiri ena, aliyense aume tsiku lake.

Mukatero musathamangire kukwera. Liikeni pamadzi osaya mulimange, ligone masiku awiri kapena atatu. Tsiku loyamba lilowa madzi ndithu musakhumudwe, matabwa akumwa, pofika lachitatu mizere imakhala yatsekana yokha. Asodzi a ku Chilwa sachita manyazi kuyenda ndi kachigubu kodula kokapira madzi, inunso kakhalemo nthawi zonse.

FUNSO: Lathu likatha tikufuna tikaliyese pa Ruo, komanso lizithandiza mudzi madzi akasefukira ngati nthawi ya Freddy. Mukuti bwa?
Wachinyamata wa ku Muloza

YANKHO: Achimwene, maganizo othandiza mudziwo ndawamva ndipo aliyense amene anali kuno mu Malichi 2023 akumvetsani. Koma madzi a Freddy ankagubuduza miyala yaikulu ngati nyumba ndi mitengo yathunthu kuchokera m'phiri, bwato la mamita 4 lopalasa ndi nkhafi pamenepo ndi chikoko cha mtedza. Ruo, Likhubula, Lichenya ndi Thuchila ndi mitsinje yoti mvula ikagwa kumtunda imadzaza mwadzidzidzi inu kumusi kuli dzuwa, komanso pa Muloza mukaoloka muli kale ku Mozambique, nkhani ina imeneyo. Bwato lanu ndi la madzi odekha.

Kayesereni padamu, ndipo ngati ndi la esiteti ya tiyi mupemphe kaye kwa eni ake, alonda asakuoneni mukutsitsa chinthu pangolo m'mamawa. Oyamba kukwera akhale matumba a mchenga, anayi a makilo 50, chingwe chili m'manja mwanu kumtunda, muone pamene madzi afika mulembe mzere ndi penti, umenewo ndiye malire a katundu mpaka kalekale. Kenako akwere munthu mmodzi wodziwa kusambira, akhale pansi osati kuimirira kuti ajambulidwe. Kunsi kwa mipando mangirirani zigubu zopanda kanthu za malita 20 zotseka bwino, chilichonse chimayandamitsa pafupifupi makilo 20, ziwiri kutsogolo ziwiri kumbuyo, kuti likadzaza madzi lisapite pansi. Laifi jaketi ikapezeka valani. Ndipo poti muzidzaponda m'madzi oima kawirikawiri, mukadzaona magazi pokodza musadzati ndi kukula, ndi likodzo, pitani kuchipatala mankhwala ake alipo.

Mukamaliza livuuleni m'madzi, mulivundikire pamitengo iwiri pamthunzi lisakhudze dothi, chiswe cha kuno sichiopa penti.