Amuna anu akukwera phiri: muwatsate kapena mutsale?

Mayi wina wa ku Luchenza wandilembera kuti amuna ake amakwera phiri la Mulanje pafupifupi mwezi uliwonse ndi anzawo. Iye anayesako kamodzi, kuchokera ku Likhubula, m'munsi mwa phirilo, kupita ku Chambe, komwe kuli nyumba yogonamo okwera phiri, nabwerako mawondo atatupa, bambowo atamusiya kumbuyo njira yonse. Akufunsa kuti: "Kodi ndidzikakamize kuti banja lisazilale, kapena ndiziwasiya azipita okha?"

Mayi, musadzikakamize ayi.

Ine ndi mayi a kunyumba kwathu tinakwerako limodzi chaka china m'nyengo ya chiperoni. Ine ndinali patsogolo, maso pa wotchi, iwo akupumira pamwala uliwonse. Nditacheuka ndinawapeza atavula nsapato, chidendene chitatuluka thuza lalikulu lomwe linali litaphulika kale. Anayenda nalo chinunu poopa kundichedwetsa. Usiku ku Chambe mlonda anatikolezera moto, koma nsima tinadya osalankhulana. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa wolakwa ndinali ine. Ngati amuna anu akufunadi kuti muzipita nawo, iwo ndi amene achepetse liwiro, aziyenda pambuyo panu.

Masiku ano tinagawa maulendo. Ku Dziwe la Nkhalamba timapita tonse, ulendo waufupi kuchokera ku Likhubula, titanyamula chinanazi, mpeni ndi tiyi wa mufulasiki. Timakhala pamwala mapazi ali m'madzi ozizira aja, n'kumacheza nkhani zomwe kunyumba ana satipatsa mpata wokambirana. Inu muli ndi mwayi winanso, minda ya tiyi ya ku Thyolo ili pakhomo, yoyendamo madzulo popanda kuthyola mawondo. Koma ku Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, ya mamita 3,002, ndimapita ndi anzanga, kugona m'nyumba ya okwera phiri ya ku Chisepo, ndipo mayi amandipatsa kamba mosanyinyirika.

Mawu oti "okha" aja ndiwakonzeko pang'ono. Kupita opanda inu n'kotheka, koma m'phiri lija munthu sayenda yekha. Chifunga chikatsika, mwala womwe uli pafupi suoneka, ndipo foni m'malo ambiri sigwira. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anasiya womutsogolera n'kulunjika yekha ku Sapitwa, ndipo anapezeka atamwalira. Choncho muli ndi ufulu wonse wowafunsa bambowo njira yomwe adzere, komwe akagone, tsiku lobwerera, ndiponso ngati atenga wotsogolera wodziwa phirilo.

Pali chinanso chomwe simunalembe koma ndachimva m'kalata yanu. Iwo akakhala kuphiri Loweruka, ana, zochapa ndi kumunda zimatsalira inu. Zimenezi muzikambirane poyera. Akatenga Loweruka limodzi pamwezi, inunso mutenge lanu, kaya n'kukaimba kwaya, kusewera ntchemberembaye kapena kukaona achemwali anu ku Bvumbwe, iwo atsale ndi ana.