Ma neon tetra ndi mbuna sizikhalira thanki imodzi

Achimwene, mwati munagula ma neon tetra asanu, tinsomba ting'onoting'ono ta kamzere kabuluu ndi kofiira, n'kuwaika mu thanki ya malita 60 momwe muli kale mbuna zitatu. Sabata isanathe atatu afa, awiri otsalawo angobisala kuseri kwa fyuluta (chosefera madzi), ndiye mukufunsa ngati mugule ena owonjezera. Musagule kaye, mungotaya ndalama.

Vuto lalikulu ndi mbunazo. Ndi nsomba zathu za m'Nyanja ya Malawi, zokongola zedi, koma khalidwe lake ndi la ndewu. Kunyanja zimakhala m'miyala, iliyonse ndi kaphanga kake, ndipo chilichonse chodutsa pafupi chimathamangitsidwa. Neon sapitirira masentimita 4. Ngakhale mbuna isamumeze, amangokhalira kuthawa usana ndi usiku, osadya bwino, mpaka kufooka n'kufa. Kubisala kuseri kwa fyuluta komwe mukuonako ndi mantha basi. Komanso malita 60 ndi ochepa ngakhale kwa mbunazo zokha.

Tiyerekeze kuti mbuna zanuzo n'zofatsa, madzi okha sagwirizanabe. Madzi a nyanja yathu pH yake (muyezo wa asidi m'madzi; ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka) imakhala cha pa 8, ndipo mbuna zinazolowera zimenezo. Neon kwawo ndi ku Amazon, ku South America, m'timitsinje ta m'nkhalango momwe masamba amagwera n'kuwolera, madzi ake ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, pH cha pa 6. Zoona, ambiri ogulitsidwa masiku ano ndi oswedwa m'mathanki ndipo amapirira pH ya 7, koma mukawaika m'madzi okomera mbuna mtundu wawo umazilala ndipo sakhalitsa. Ngati mumatunga pa mjigo, suzumirani m'ketulo yanu. Mukaona zoyera zitakakamira pansi, dziwani kuti madziwo ali ndi laimu wambiri: abwino kwa mbuna, olemetsa kwa tetra.

Ndiye awiri otsalawo apezereni thanki yawoyawo. Ya malita 60 yo ingawakwanire bwino mbuna zitasamukira mu yaikulu. Ngati mukuyamba thanki yatsopano, apa ndi pomwe ambiri timapupuluma. Ndowe za nsomba zimatulutsa ammonia, amene ndi poizoni. Pamafunika mabakiteriya okhala mu siponji ya fyuluta kuti asandutse ammonia kukhala nitrite, kenako nitrate amene savulaza kwambiri. Mabakiteriyawa amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti achuluke. Inu muli ndi mwayi: dulani kachidutswa ka siponji ya mu fyuluta ya mbuna n'kukaika mu fyuluta yatsopanoyo, ntchito ifulumira. Ndipo siponji musamaichape pa mpopi, klorini amapha mabakiteriya onse. Ifinyireni m'ndowa ya madzi ochokera mu thanki momwemo.

Zikakhazikika, muwonjezere ena pang'onopang'ono mpaka afike 10. Tetra ali ngati usipa, amayenda m'chigulu. Akakhala awiri amangonjenjemera pakona, koma akachuluka amatulukira poyera, kamzere kabuluu kaja kakuthwanima onse akamatembenuka nthawi imodzi. Ine madzulo ndimazimitsa nyali ya m'chipinda n'kusiya ya thanki yokha, mpaka mayi akunyumba amandiseka kuti ndaiwala TV. Ikanimo zomera ndi mchenga wakuda, mtundu wawo umaoneka bwino.

Zokhala nawo limodzi ndi ma corydoras, amene amatola zotsala pansi, ndi ma harlequin rasbora. Angelfish ayi, akakula amadya neon. Serpae tetra nayenso ayi, ndi wachibale wa neon koma amaluma zipsepse za anzake. Pogula samalani kuti musasokoneze neon ndi cardinal: cardinal mzere wofiira umayenda thupi lonse, neon umayambira pakati kukafika kumchira, ndipo cardinal amafuna madzi ofundirapo.

Za kutentha ndinaphunzira ndi misozi. Neon amafuna madigiri 22 mpaka 26. Chaka china mu June magetsi anazima usiku wonse, hita n'kusiya, m'mawa ndinapeza madzi akuzizira ngati a mumtsuko. Patapita masiku atatu nsomba zonse zinatuluka timadontho toyera ngati zawazidwa mchere, ndipo zinafa zinayi. Panopa magetsi akangozima ndimafunditsa thanki bulangete, ndimaikamo botolo la madzi ofunda lotseka bwino, ndipo ndili ndi kapampu ka mpweya koyendera mabatire. Tsiku limenelo sindizipatsa chakudya.

Zina n'zosavuta. Sabata iliyonse chotsani limodzi mwa magawo anayi a madzi, mubwezeremo othira mankhwala ochotsa klorini. Chakudya chikhale kotapa ndi zala ziwiri, koti katha m'mphindi ziwiri, ndipo mukafikise chifukwa kukamwa kwawo n'kochepa. Nsomba zatsopano ziyandamitseni m'jumbo mwake mphindi 20 musanazimasule.

Mukapita kogula, imani kaye muwayang'ane. Mukaona wina wazilala mtundu, msana wapindika, akusambira payekha, thanki imeneyo isiyeni yonse, chifukwa pali matenda a neon amene alibe mankhwala ndipo amafala. Tumizani chithunzi cha awiri otsalawo muno m'gulu tione ngati ali ndi mabala a mbuna kapena ndi zina.