Ka AI ka mu browser kanandiliza ine

Aise musandikumbutse, ka AI kamene mukuti kakumangotulukira mu browser yanu osakaitanako kanandipweteka ine chaka chatha mpaka pano mtima ukadawawa. Ndinkadzadza fomu ya ntchito pa intaneti, akutseka 12 koloko usiku womwewo, magetsi azima, foni ili pa hotspot bandulo yatsala pang'ono, laputopu yanga ndi ija ya 4GB RAM yongogula kwa munthu, imafuna kuinyengerera. Ndalemba zonse, masukulu, komwe ndinagwirako, ma referee ndi manambala awo, madam akundiunikira ma certificate ndi tochi, ndangofika pa upload basi kumanja kwatseguka kawindo ati kandifotokozere tsambali mwachidule. Wakufunsa ndani? Ndikuti ndikatseke mouse yauma, fan ikulira ngati chigayo, tsamba langoyera mbee. Ndinadikira thukuta lili kamukamu, kenako refresh, fomu yabwera yopanda kanthu, ndi dzina langa lomwe palibe. Ndayambiranso manja akunjenjemera, ndisanafike ndi pakati pomwe batire yatha. Madam anangozimitsa tochi osayankhula nkukagona.

Amene amandinyansa kwambiri ndi mnyamata wa pa shopu uja, ndinamupatsa kuti asinthe keyboard YOKHA, iye nkuchotsa browser yanga kundiikira ina yodzadza ndi zimenezi, ndikukamufunsa mawa lake akuti "biggie ndakupangirani upgrade yaulere" uku akuseka. Yaulere!! Anthu ena Mulungu aziwaona.

Ndiye ngati mukufuna kuthana ndi ka AI kameneka pangani chonchi. Pa Google, yankho la AI limene limakhala pamwambalo ndi AI Overviews, anayamba mu May 2024 ndipo mwezi womwewo linauza anthu kuti aziika glue pa pizza kuti tchizi imatirire, nthabwala yakale ya pa Reddit (webusaiti yomwe anthu amacheza polemberana) ilo nkuitenga ngati zoona. Batani lozimitsiratu palibe, koma mukasaka dinani pa Web (nthawi zina imabisala pansi pa More), kapena onjezerani &udm=14 kumapeto kwa link ya tsamba la zomwe mwasakazo, mumangoona ma link okhaokha ngati kale. Mukaona kuti ndi chintchito lowani pa noai.duckduckgo.com, nkosakira zinthu ngati Google, mbali imeneyo AI anachotsako. Pa browser ya Firefox lembani about:config pamwamba polemba adiresi paja kuti mutsegule ma settings obisika, fufuzani browser.ml.chat.enabled muike false, browser.ml.enable chimodzimodzi. Ine pano ndili pa Vivaldi chifukwa eni ake ananena poyera kuti chatbot mu browser yawo sayikamo, ngakhale kunena zoona nayonso RAM imadya ndithu, ma tab akachuluka laputopu imayambanso kulira.

Koma ma update musasiye ayi, mudzaberedwa ma password kukhala kulira kwina, mungoti ikatha update muzikaonanso mu settings chifukwa zatsopano zimabwera zoyatsa kale. Ndipo ngati about:config ikukuopsani musagwiregwire zinthu mmenemo, pititsani kwa anyamata a pa shopu akupangireni, inu muli chiimire pambali pake mukuona. Mayankho a fomu muzilemba kaye mu Word, mwina mufunse ChatGPT ikukonzereni Chingerezi, ine ndimatero, kenako nkumangokopera.