Musaone makhushoni, onani chogwira mlongoti

Achimwene, boti la matanga la mamita 7 mwatifunsalo musalipire musanazule ma chainplate, zitsulo za pa boti zomwe amamangirirapo mawaya ogwira mlongoti, n'kuwaona ndi maso anu. Langa linali ngati lomwelo, la fibreglass, keel yake (chipsepse cholemera cha pansi pa boti) yokweza ndi waya, ndipo inenso ndinakopeka ndi kabini: pogona anthu anayi, kachitofu, makhushoni atsopano.

Tsiku lina tili pamadzi tinali awiri, ine ndi mwana wanga wa zaka 12. Mphepo inali cha m'ma 20 knots (pafupifupi makilomita 37 pa ola), thanga lalikulu titalifupikitsa kale. Ndinangomva kuti phaa! ngati mfuti, waya wogwira mlongoti wa mbali yochokera mphepo wazuka, mlongoti n'kugwera m'madzi mbali inayo ndi matanga omwe. Mwanayo anali atangosuntha pamene boom, mtengo wopingasa wa m'munsi mwa thanga lalikulu, inagwera. Boti linapereka nthiti ku mafunde, mlongoti wothyokawo n'kumagunda m'mbali, gu, gu, ine n'kumangodikira kuti uboola. Injini sindikanayatsa, zingwe zinali mbwee m'madzi, zikanakola pulopela. Chodulira waya ndinalibe. Ndinachotsa mapini ogwira mawaya a mlongoti limodzilimodzi ndi pulayasi, zala zikuchucha magazi, madzi atafika m'akakolo mu cockpit, pokhala woyendetsa, chifukwa timapaipi tiwiri totulutsa madzi tinali tating'ono zedi. Mwanayo sanalire, anangogwira tsigiro ali njenjenje, akundiyang'ana. Nkhope imeneyo imandibwererabe usiku.

Amene anandigulitsa uja ankadziwa. Silikoni anali wamuwisi kuzungulira chitsulo chilichonse, penti watsopano pamwamba, ndipo nditafunsa anandiuza kuti ankangokongoletsa. Munthu wamkulu, woti anamuona mwana wanga tsiku logula! Titazula chotsalacho tinapeza chadyeka pakati penipeni, pomwe chimadutsa m'deki. Stainless steel imafuna mpweya kuti isachite dzimbiri. Ikakwiririka pachinyezi imadyeka mobisika, pamwamba ikuwala bwinobwino. Madzi omwewo anali atawoletsanso balsa, thabwa lopepuka la m'kati mwa deki, ukaponda pankafewa. Nditamuimbira foni anati ndinkayendetsa mosasamala, n'kudula.

Ndiye gogodani deki yonse ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, pomveka ngati ng'oma yonyowa pawola. Mawaya ogwira mlongoti akapitirira zaka 10 sinthani, ngakhale akuoneka bwino. Za keel yokwezayo, mulitulutse boti m'madzi muone bawuti yomwe imazungulirapo ndi waya wake. Ndi keel imeneyo inatisunga tsiku lija, inali pansi, yokhomedwa. Injini yaikulu musatayirepo ndalama: boti lotalika mamita 6 pamzere wa madzi silipitirira kwenikweni 6 knots, ya mphamvu ya 5 kapena 6 hp ikwana, bola ikhale ya mwendo wautali kuti pulopela isamatuluke m'madzi funde likanyamula kumbuyo.

Komabe musalithawe chifukwa ndi lakale. Maboti a fibreglass a m'ma 1970 ambiri anawaumba mokhuthala, langalo mlongoti unalimenya pafupifupi ola lathunthu osaboola. Khalani pansi ndi mwini wakeyo mumufunse zonse, eni maboti ambiri amanena zoona. Ine ndikuyendabe ndi lomwelo, ma chainplate ndinawasamutsira kunja kwa boti pomwe ndimawaona, ndipo chodulira waya chimakhala pakhomo la kabini.